Mwana wa Eni pa Mlatho wa Kafue

Zaka zonse ndakhala mu Lusaka ndinali ndisanakwerepo sitima. Mng'ono wanga ndiye anandikakamiza kuti tipite ku Mazabuka tikaone minda ya nzimbe, tibwerere pa basi. Tinanyamuka kwathu ku komboni ya Mtendere m'mamawa, nditaupereka ulendo m'manja mwa Ambuye.

Pampando woyang'anana nafe panali mtsikana ndi mwana wa miyezi ingapo. Titatuluka m'tauni, mng'ono wanga anamatirira pawindo. "Basisi, onani mapili! Onani ng'ombe zija!" Ine maso anali pa mtsikanayo. Anayamwitsa bere ili, nayamwitsanso linalo, nthawi yaitali, misozi ili lengelenge. Kenaka anayamba kundiuza zimene sindinafunse: kuti mwanayo amakonda phala la nsawa, kuti akalira umuyendetse, usamukhazike.

Sitima itaima pa Kafue anati, "Amai, nigwilileniko mwana, nigule manzi."

Mzimayi sakana kugwira mwana wa mnzake. Ndinamulandira.

Atatsika kukagula madziwo ndinaona kuti chikwama wasiya, khadi la kusikelo lili pamwamba penipeni. Mtima unati phwii. Kukomboni nkhani zotere timazimva.

"Iwe, uja mtsikana watisiyila mwana," ndinanong'oneza mng'ono wanga.

"Naimwe basisi! Vonse mumaganizila voipa chabe."

"Nanga khadi waikila ndani apa?"

Sitima inalira, n'kuyamba kuyenda.

Pa mlatho anthu onse anathamangira kumawindo, akulozerana madzi ndi mabwato a asodzi. Ine mtsinjewo ndinangouona ngati utsi. Ndinkapemphera chamumtima: Ambuye, ndili kale ndi ana asanu m'zipinda ziwiri, uyu ndikamugoneka pati? Apolisi akandifunsa mayi wake, ndinena chiyani, poti ngakhale dzina sindinafunse? Mwana wa eni akungondiseka, akukoka duku langa.

Tadutsa mlatho, tili m'dambo lalikulu lodzaza mbalame zoyera, chitseko cha kumbuyo chinatseguka. Anali mtsikana uja, wefuwefu, patapata mmodzi palibe.

"Nakwelela kumbuyo," anatero, n'kunditsomphola mwanayo, kumufinya pachifuwa mpaka analira.

"Manzi ali kuti, mwana wanga?"

Anangoyang'ana pansi.

Ndinasamukira pampando wake. Pang'onopang'ono anandiuza kuti mwamuna wamuthamangitsa, akupita kwa azakhali ku Monze amene sakudziwa n'komwe kuti ali ndi mwana. Ndinamugwira dzanja, tinapemphera. Tisanatsike ndinapeza amayi ena achikulire opita ku Monze komweko, ndinawapempha kuti akhale naye, asamulole kutsika yekha, ndipo akamufikitse pakhomo. Anandiyang'ana, nayang'ana mtsikanayo, nati, "Namvela."

Mtsikanayo sanavomere kuti anafuna kundisiyira mwanayo, inenso sindinamufunse kawiri. Koma mpaka lero ndimakhulupirira kuti pa Kafue paja anatsika osafuna kubwerera. Amene anamuthamangitsa kuti aigwire sitima ikuyenda ndimamudziwa: ndi Ambuye, ndipo ndimawathokoza.