Ndinapita Kukavota Tisanamete

Mkazi wanga anamwalira chimanga chikumasula, nasiya mwana wamkazi wongoyamba kukwawa. Ndinali mkamwini kwawo, kuseri kwa Mitundu, ndipo ntchito yanga yauphunzitsi inali ku Nathenje.

Chisankho chinagwa tisanamete maliro, masiku amene wofedwa sachoka pamudzi. Nthawi imeneyo si aliyense ankavota. Oimira ife ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba ankasankhidwa ndi bwalo la chigawo, ndipo ine ndinali m'bwalolo. Amene anali pampando anali bambo aulemu wawo, koma nkhani ya chitaganya cha atsamunda ikabwera ankangoti tidikire. Wopikisana nawo ankachikana poyera. Tonse tinkadziwa kuti apambanana pang'ono.

M'mawa wa tsikulo alamu anga, mlongo wake wa malemu komanso mwini mbumba, anandipeza ndikupopa njinga.

"Alamu, njingayo ikupita yokha?"

"Ndikupita ku boma. Ndibwera dzuwa lisanalowe."

"Dothi la kumanda silinaume. Kodi ku koleji kuja anakuphunzitsani kuti mkazi amaliridwa pa njinga?"

"Ndimlira ndili m'njira."

"Mukatuluka, tikusudzulani tikangometa. Mwanayu ndi wathu, mukudziwa. Timafuna mukhale naye pano, koma osati chonchi."

Ankanena zoona, ndipo sanakweze mawu. Ndinalowa m'nyumba, ndinamuyang'ana mwanayo ali kumsana kwa azakhali ake, kenako ndinavala jekete.

Ku boma anthu ankandiyang'ana tsitsi. Ena anakana kundipatsa moni wa m'manja. Ndinavotera wokana chitaganya uja. Powerenga, mayina awiriwo ankangosinthana, mpaka kumapeto bambo aja anagwa, mwapang'ono kwambiri. Anaimirira, anavala chipewa, natuluka okha. Anzanga anaimba panja. Ine sindinaimbe.

Alamu anasunga mawu awo. Titameta anandisudzula pamaso pa anthu, ndipo ndinanyamula mabuku ndi mphasa kupita kunyumba ya sukulu ku Nathenje. Akuluakulu ena anati ndikapepese ndi nkhuku, mwina angandibweze. Ndinawayankha kuti nkhuku ndipereka chifukwa cha mwambo umene ndinadumpha, koma mawu oti ndinalakwa kupita sadzatuluka pakamwa panga. Nkhukuyo alamu anaikana.

Mwana anakulira kwa amalume ake. Loweruka lililonse ndinkapita kukamuona, ndipo ankandiyalira mphasa panja ngati mlendo. Ndinkakhala pomwepo, mwana ali pamiyendo, mpaka dzuwa litapendeka. Palibe anayerekeza kundithamangitsa.