Kanjira ka Miyala ka Mkamwini

Ndinakwatira ku Phalula, kwawo kwa mkazi wanga, ndipo ndinakhalako pachikamwini zaka zoposa makumi awiri. Dothi la kumeneko ndi lamakande. Mvula ikagwa, kungochoka pakhomo kukafika kukhitchini matope amakhala atakuveka nsapato. Mkazi wanga atayamba kuvutika miyendo anaterereka kawiri. Kachiwiriko ndinamupeza ali khale m'matope akulira, mphika uli uko. Ndinati basi, ndikonza njira.

Miyala ndinkakatola kukhwawa louma kuseri kwa munda wa thonje, n'kumatuta pa wilibala. Ndinayamba ndakumba kuchotsa dothi lakudalo mpaka polimba. Miyala ikuluikulu ndinandanda m'mbali, pakati ndikuthira timiyala toswa ndekha ndi hamala, pamwamba nsangalabwi, n'kusinja ndi musi wakale. Ntchitoyi inandidyera chilimwe chonse, ndipo chikhadabo changa chimodzi sichinamerenso bwino.

Mlamu wanga wamkulu, mwinimbumba, ankabwera kudzaonerera manja ali m'thumba.

"Alamu, kodi ndi msewu wa tala umenewu?"

"Iyayi, ndikungofuna achemwali anu asamagwe."

"Ayi zili bwino. Komatu mkamwini asamakule mwendo."

Ndinaseka nawo, chitsiru ine. Ndinkayesa kuti munthu ukaika manda a ana ako awiri pamudzi, mudziwo wasanduka wako.

Mkazi wanga anayendapo madzinja atatu osagwanso. Kenaka anamwalira. Onyamula bokosi anadutsa pomwepo, ndipo ndinamva ndi makutu anga anthu akuyamikira kuti pakhomo pano mpaukhondo.

Patatha mwezi abale ake anandiitana kuti andisudzule, monga mwa mwambo. Anandithokoza mokoma kwambiri. Mlamu uja anati, "Mwatisungira bwino munthu wathu. Tsopano takumasulani, kapumuleni kwanu." Ndinapempha kuti andisiyire ngakhale chipinda chimodzi, poti kwathu ku Ulongwe munda anagawana kale ana a mlongo wanga. Anayankha kuti m'nyumbamo mulowa mdzukulu wawo wamkazi, amene anali atangokwatiwa kumene. Zinandipweteka, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire.

Tsiku lochoka, mwamuna wa mdzukuluyo, bambo waulemu wochokera ku Chikweo, anandithandiza kumanga katundu panjinga. Atatha anagogoda mwala wam'mbali ndi chidendene, n'kugwedeza mutu.

"Bambo, iyi ndiye ntchito. Miyalayi munkaitenga kuti? Ndikufuna ndiipitirize ikafike kubafa, akazi anga asamavutike."

Ndinamuyang'ana mkamwini mnzangayo. Kenaka ndinamulozera khwawa lija, ndinamuuza kuya kwake kokumba, ndinamuchenjezanso kuti azisamala zala. Anathokoza akuwomba m'manja, nkhope ili ngwee, poganiza kuti ndamuuza zonse.