Makilo Awiri Amene Sanasowe

A Jamali a kwa Mwambo anakalambira pa sikelo. Ntchito yawo inali yogula mpunga m'midzi, ndipo sikelo yawo yokoloweka ankaikhulupirira kuposa munthu aliyense. Thumba la matemba, nkhuku, ngakhale mdzukulu akadwala, zonse ankazikoloweka. Anthu ankawaseka kuti tsiku lina adzayeza ndi mthunzi womwe.

Mayi awo atamwalira, banja linakonza sadaka. A Jamali anagula mafuta ophikira malita makumi awiri kwa Swalehe, wa golosale ku Kachulu, yemwe ankatunga m'dilamu n'kuthira m'chigubu chachikasu. Chigubucho anakasungitsa kwa Falida, mkazi wa malemu mng'ono wawo, amene ankalera ana ndi geni ya mandasi.

M'mawa wa tsiku la sadaka, amayi akutsuka mpunga, a Jamali anakoloweka chigubu pa nthambi ya mango. Palibe anawatuma, chinali chizolowezi chabe. Ankadziwa kuti chigubu chotere chikadzaza madzi, sikelo imaloza pa makilo 21. Tsikulo inaima pa 19 ndi pang'ono.

"Alamu, makilo awiri apita kuti?" a Jamali anamufunsa Falida mokweza, bwalo lonse likumva. "Kapena mandasi a sabata ino mwakazingira mafuta a maliro?"

Falida anapukuta manja pa chitenje n'kuchoka, amayi anzake akumuyang'ana cham'mbali. Posakhalitsa anabwerako ndi botolo la malita awiri, mafuta onse a geni yake.

"Ndabweza, alamu. Thirani nokha."

A Jamali anatsegula chigubu. Mafuta anali cha m'khosi ndithu, ndipo munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma anthu anali atazungulira, ndiye anapendeketsa botolo. Lisanatsike n'komwe, mafuta anasefukira, kuyenderera m'mbali mwa chigubu mpaka kumapazi awo.

Swalehe, amene anabwera kudzadya nawo sadaka, anayandikira.

"Achimwene, mafuta si madzi, n'chifukwa chake amayandama," anatero motsitsa mawu. "Lita imodzi ya mafuta sikwana kilo, imathera cha m'magalamu 900 ndi pang'ono. Malita makumi awiri ndi makilo 18 ndi kachidutswa. Onjezani chigubucho, mupeza zomwe sikelo yanenazi. Palibe wachotsapo ngakhale dontho."

Manyazi amene anawagwira a Jamali sanawaonepo chibadwire. Analakalaka nthaka itang'ambika. Zaka zonsezi akuyeza zinthu, sanayezepo mafuta, ndipo tsiku loyamba kutero anaipitsa nalo dzina la mkazi wamasiye. Mpunga wa sadaka ya mayi awo sanaulawe.

Kupepesa anapepesa, koma kuseri kwa nyumba, chapansipansi, kumva Falida yekha ndi nkhuku. Mawu oyamba aja ndiwo anayenda, poti mawu akatuluka sabwezeka. Omwe anachoka msanga pa sadaka anapita nayo nkhani ya kuba, yosefukirayo sanaimve.

Falida akugulitsabe mandasi pa doko la Kachulu. A Jamali akamadutsa pa njinga amazyolika, chifukwa mpaka lero asodzi akafuna kugula amakuwa kuti, "Amayi, tipatseni a mafuta a maliro aja!" Falida amangowakulungira mandasiwo.