Mayi Lezala ndi Foni Yosaitana

Inu amene munauzidwa kuti "pitani kaye kunyumba" ndipo mpaka lero mukungoyang'ana msewu, senderani kuno ndikuuzeni za mayi wina amene anadikirapo mpaka mtima unachita dzanzi.

Masana ena a dzuwa loswa mtengo, mayiwa anaima kunja kwa mpanda wa waya, zala atakolowetsa m'mabowo ake. Mkati mwa mpandawo munali nazale yaikulu ya maluwa ndi mitengo ya zipatso kumene anagwirako ntchito kuyambira ali mtsikana. Neti ya shedi inali itang'ambika, ikukupiza ndi mphepo. Mbande za malalanje zimene anamezanitsa ndi manja awo zinali zitaweramitsa mitu, masamba atapiringizika.

"Achimwene, ndiloleni ndingolowa ndithirire mzere umodzi wokha," anapempha mlonda.

"Mayi Lezala, mukufuna nanenso ndikakhale kunyumba? Anandiuza kuti pasalowe munthu. Ndiponso madzi anatseka."

Dzina lakuti Lezala anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, poti lezala silinkachoka m'thumba la epuloni yawo. Akacheka kanthambi ka lalanje, n'kukalumikiza pa tsinde la ndimu, n'kumanga ndi kapulasitiki, aliyense ankadziwiratu kuti pamenepo pagwira.

Mavuto anayamba m'mawa wina pamene kapitawo anasonkhanitsa antchito onse. Anati kampani imene inkagula mbande zambiri yasiya kugula, ndipo abwana, mwini nazale, agwa ndi matenda oumitsa ziwalo.

"Simunachotsedwe ntchito ayi," anatero kapitawo, maso ali pansi. "Kungoti malipiro aima kaye. Tikudziwitsani posachedwa."

A mu ofesi anatsegula gulu la pafoni, koma ololedwa kulembapo anali iwo okha. Mwa apo ndi apo pankabwera uthenga, mawu ake omwewo: zinthu zikukonzedwa, tikudziwitsani posachedwa. Ukaimba foni ya ku ofesi inkangoitana mpaka kuduka yokha.

Pamene mabwana ali chete, mphekesera ndiye zimalankhula. Mnzawo wina, amene ankamutchula kuti Wailesi, ankabwera ndi nkhani yatsopano ulendo uliwonse.

"Asisi, mwamva? Malo aja agulitsa, akuti pamangidwa malo omwetsera mafuta!"

Patapita masiku anabweranso. "Ayi, zasintha. Akuti titsegula mwezi ukubwerawu, ndiye atikwezeranso malipiro."

"Iwe Wailesi," anatero Mayi Lezala, "paja kandimverere anakanena za m'maluwa."

"Nanga ife si a m'maluwa omwewo?" anayankha Wailesi. Anaseka onse awiri, koma kusekako sikunafike m'mimba.

Nyumba ya lendi inawakanika. Anasonkhanitsa timakatundu tawo n'kukakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya alongo awo, momwe kale munkasungidwa makala ndi njinga yakufa. Amuna awo anali atamwalira kale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anali kutali, ku banja lake.

Njala inkawawa, inde, koma chimene chinkawadya kwambiri chinali kusowa ntchito yawo. Ankalakalaka fungo la dothi lonyowa m'mawa. Ankalakalaka phokoso la mawilibala ndi nyimbo za amayi odzaza dothi m'machubu a mbande. Nthawi yopuma kuntchito ikakwana, thupi linkadziwa lokha, ndipo ankapezeka akuyang'ana uku ndi uku ngati wina awaitana kuti adzamwe tiyi. Nthawi zina zala zinkangoyenda zokha pa chovala, ngati zikumanga mtengo.

Foni sankasiyana nayo. Popita kosamba ankaiika pawindo. Ikangolira, ankaithamangira, koma n'kupeza kuti ndi uthenga wotsatsa malonda.

Mlamu wawo, mkazi wa alongo awo, anali mayi wa pakamwa pakuthwa koma wa mtima wabwino. Tsiku lina anabwera akuthamanga.

"Alamu, kusukulu kuja akufuna munthu wosamalira pabwalo. Ndakunenererani kale. Mawa mukaonekere."

"Nanga akandiitana kuntchito kwathu? Akamva kuti ndalowa kwina, malo anga apatsa wina."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, alamu. Anthu amene sakuyankha n'komwe foni ndi amene mukuwasungira ukwati?"

Sanapite. Ntchitoyo anatenga munthu wina. Inapezekanso ina ya m'sitolo, nayonso anaikana. Anali ngati munthu woima pakhomo, mwendo wina mkati, wina kunja, osalowa, osatuluka. Mvula inagwa, inatha, iwo akudikirabe.

Ndiye tsiku lina masana, akuchapa kuseri kwa nyumba, foni inaitana. Nambala yake inali yachilendo. Anapukuta thovu m'manja n'kuyankha.

"Mayi, ine ndine mwana wa abwana anu, wamkazi uja ndinkabwera kudzaba mapichesi ndili wamng'ono. Mwandikumbuka?"

"Ee, ndakukumbukani! Abwana ali bwanji?"

"Akulankhula pang'onopang'ono, koma kuyenda sakuyenda. Mayi, ndasiya ntchito yanga kuti ndidzaone za nazale, ndipo ndikuimbira munthu aliyense payekhapayekha. Choyamba, pepani. Takusiyani mumdima nthawi yaitali. A mu ofesi ankaopa kunena zoipa, ndiye anangosankha kusanena kanthu. Kumeneko kunali kulakwa."

Mayi Lezala anakhala pa ndowa yovundikira.

"Ndikuuzani chimene ndikudziwa, ndi chimene sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti chaka chino sititsegula. Chaka chamawa sindikudziwa, ndipo sindikufuna kukunamizani. Malo sitinagulitse. Mukapeza pogwira, gwirani, musadikire ife. Tikadzatsegula ndidzakuitanani, kaya muli pantchito ina kaya ayi. Ndipo ndiziimba mwezi uliwonse ukamatha, ngakhale pasakhale chatsopano."

Kenako mayiwa anafunsa chimene chinkawasowetsa mtendere.

"Nanga malalanje anga a m'shedi ya kumunsi?"

"Mbande zinauma, mayi. Koma mitengo ikuluikulu ija munkadulako nthambi idakali moyo. Mukafuna nthambi, bwerani mudzadule. Mlonda ndimuuza."

Foni itaduka, analira. Analira ngati pamaliro, mpaka mlamu wawo anatuluka m'khitchini, chipande chili m'manja.

"Akuchotsani ntchito?"

"Ayi, alamu. Andimasula."

Uthengawo sunali wabwino, koma unali woona, ndipo pa choona munthu amatha kupondapo phazi.

M'mawa mwake anatenga thumba n'kuyamba kuzungulira kuseri kwa masitolo ndi malo odyera, kutola mapaketi a mkaka ndi timatumba ta shuga toti azifeseramo mbande. Anakagwada kwa bambo wina wogulitsa madzi a zipatso kuti aziwasungira njere za mandimu. Anthu owadziwa ankanong'onezana kuti mayi uja mutu wayamba kusokonekera, akutola m'zinyalala. Iwo ankamva, koma ankangowerama n'kutola paketi ina.

Alongo awo anawapatsa kamalo pakati pa bafa ndi mpanda. Madzi otsukira mbale ndi otsukuluzira zovala sankatayanso. Njere zinamera, timasamba tiwiritiwiri, ndipo mayiwa ankakhala chogwada n'kumatiyang'ana ngati akuona ana obadwa kumene.

Koma njira sinali yosalala. Mbuzi za aneba zinaboola mpanda n'kudya pafupifupi zonse. Anafesanso. Ulendo wachiwiri mvula inachuluka, mizu inaola. Tsiku limenelo anakhala pakhonde, manja ali m'masaya.

"Mwina nzeru zanga zinkagwira chifukwa cha shedi ndi mapaipi a eni ake," anatero.

"Shedi ndi imene inkagwira lezala?" anafunsa mlamu wawo. "Dzukani apa, ndikuthandizeni kukweza thandala. Mbandezo zikhale m'mwamba, mbuzi zikafuna zibwere ndi makwerero."

Anafesa kachitatu. Poyembekezera kuti mandimu akule, ankagwira maganyu odulira maluwa m'nyumba za anthu, ndipo ankadzala timbewu tamsanga monga tomato ndi tsabola kuti apeze ya sopo.

Mwezi ukamatha, foni ija inkaitanadi. Nthawi zina mwana wa abwana ankangoti, "Mayi, lero ndilibe chatsopano. Banki sinayankhe. Inu zikuyenda bwanji?" Mawu ochepa, koma ankawakumbutsa kuti sanaiwalike. Ndipo popeza ankadziwa tsiku limene foni idzaitane, masiku ena onsewo ankaiiwala pawindo n'kumagwira ntchito.

Mandimu atafika pa msinkhu wa pensulo, anapita ku nazale kukadula nthambi. Pobwerera anazikulunga m'nsalu yonyowa, n'kuzifungatira pachifuwa m'basi. Atakhala pansi n'kugwira lezala, manja anakumbuka okha. Anacheka, analumikiza, anamanga. Patapita masabata, timaso tobiriwira tinatuluka pamwamba pa mfundo.

Kugulitsa kunali nkhondo ina. Anayala mbande m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pokwerera basi, ndipo masiku oyambirira ankabwerera nazo zonse. Bambo wina wachikulire anaima, n'kuloza ndi ndodo.

"Kamtengo aka kadzabereka ine ndili moyo?"

"Bambo, aka n'komezanitsa, sikachedwa. Mukakana kufa zaka zitatu zokha, mudzadya."

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anagula tiwiri. Sabata yotsatira anabwera ndi mnzake.

Wailesi atamva, anabwera kudzaona. Mayi Lezala anamuyang'ana n'kumuuza kuti, "Iwe, pakamwa pakopa pakhala pakugwira ntchito yaulere kwa nthawi yaitali. Bwera uzigulitsa." Kuyambira pamenepo panalibe munthu wodutsa pamsewupo osamva za malalanje. Mwana wa abwana nayenso, makasitomala akale akamuimbira, ankawapatsa nambala ya Mayi Lezala.

Kamalo ka kuseri kwa bafa kanachepa. Anabwereka malo m'mbali mwa mtsinje, anamanga shedi yawoyawo ya mitengo ndi udzu, n'kuitana anzawo ena akale amene anali akadali pakhomo. Nyimbo za odzaza machubu zinamvekanso. Mayi Lezala anatuluka m'kachipinda ka makala kaja n'kupeza nyumba yawo.

Patapita zaka, nazale yaikulu ija inatsegulanso, koma mbali imodzi yokha. Mwana wa abwana anasunga mawu ake. "Mayi, malo anu alipo. Mubwera?"

Anapita kukaona. Atalowa m'shedi ya kumunsi anapeza benchi yawo yakale ili pomwepo, yodzaza ndi zipsera za lezala. Anaisisita ndi dzanja. Mtima unkafuna kukhala pansi pomwepo n'kuyambira pamene analekezera, ngati kuti zaka zonsezo zinali maloto. Koma ambiri mwa anzawo sanalipo. Ena anasamukira kutali, wina anamwalira akudikira. Malo anali omwewo, koma masiku aja anali atapita.

Antchito anatulutsa abwana panja, ali pa njinga ya olumala. Anagwira dzanja la mayiwa ndi dzanja lawo limodzi logwira ntchito, n'kunena movutikira, "Mwabwera."

"Ndabwera kudzakuonani, bwana," anayankha, misozi ili m'maso. Kenako anatembenukira kwa mwana uja. "Mwanawe, kubwerera sindingathe. Kuli anthu kumtsinje kuja amene akudya chifukwa cha ine. Koma ndizibwera tsiku limodzi pa sabata kudzaphunzitsa achinyamata anuwa kumezanitsa."

"Ndimaopa kuti mutero," anatero mwanayo akumwetulira. "Ndiye mbande za malalanje tizigula kwa inu."

Mpaka lero, mukawafunsa Mayi Lezala kuti anawathandiza ndani, satchula munthu amene anawapatsa ndalama, chifukwa panalibe. Amatchula munthu amene anawauza zoona.

Tsono inu olemba anthu ntchito, zinthu zikavuta musabisale m'maofesi. Imbani foni. Nenani chimene mukudziwa, vomerani chimene simukudziwa. Anthu amapirira uthenga wowawa, koma kukhala chete kwanu kumawamanga miyendo.

Ndipo inu amene mwaimitsidwa, kulakalaka malo anu akale si tchimo. Lirani ngati misozi yabwera. Koma anatseka geti lokha, luso lanu munatuluka nalo. Funsani zoona, ndipo akapanda kuyankha, musadikire chilolezo cha munthu kuti mukhale ndi moyo. Musafooke, abale anga. Dzukani mawa m'mawa, muone chimene chili pafupi ndi manja anu, ndipo muyambe ndi chimenecho.