Yuleya mu uvuni wa amalume

Chaka changa chomaliza ku koleji, ng'anjo ya mu labotale yathu inawonongeka, ndipo kafukufuku wanga yense ankadalira iyoyo. Ndinkafufuza za ufa wina wachikasu umene umapangika ukawotcha feteleza wa yuleya pamoto waukulu m'chiwiya chovundikira. Mu ufawo maatomu a kaboni ndi a naitirojeni amagwirana m'timphete, timpheteto n'kulumikizana kukhala timapepala tosanjikizana. Ine ndinkafuna kudziwa mmene kutentha kumasinthira kalumikizanidwe kameneka.

Aphunzitsi ondiyang'anira anati ndisinthe mutu wa kafukufuku. Ndinawapempha kuti andidikire mpaka tchuthi chithe, ndipo ndinatsikira kwathu kwa Kasisi, kumene amalume anali atamanga uvuni wowotchera njerwa.

"Feteleza ndi wa kudimba, iwe ukufuna kumuwotcha?" anandifunsa bambo.

"Pang'ono pokha, bambo. Ndikufuna ndione chimene chitsale."

Anamasula thumba lawo n'kunditapira.

Ndinathira yuleyayo m'kamphika kadothi, kuvundikira ndi phale, n'kukankhira mkati mwa khomo la moto. Uvuni utazizira ndinapeza mphika wopanda kanthu. Zonse zinali zitauluka. Amalume anaseka mpaka kutsokomola, koma ndi iwo omwe anandiperekeza kwa anzawo ena owotcha njerwa kufupi ndi Shire. Kumeneko ndinaika mphika chakunja kwambiri, ndipo ndinapeza chibuma choyera cholimba. Moto unachepa.

Kunali kotentha ngakhale pamthunzi, koma ine ndinkayenda ndi timiphika tanga pa njinga kufunsa amene akuwotcha. Ndinayamba kumata chivundikiro ndi dothi, kusiya kampata kochepa. Ndinkaika miphika ingapo, wina mkati, wina pakati, wina pakhomo, n'kuima kumphepo chifukwa fungo lake linkalasa m'mphuno. Mayi ankadandaula kuti zovala zanga zikungonunkha utsi.

Tsiku lina m'mawa ndinagumula dothi pa mphika wapakati. Pansi pake panali kaufa kopepuka, kachikasu, kosadzaza ngakhale supuni. Ndinakhala pa njerwa zofunda. Amalume anasuzumira.

"Ndi kameneka tavutikira?"

"Ndi komweka, amalume."

Nditabwerera ku koleji, aphunzitsi anatumiza ufawo kwa anzawo amene anali ndi makina ounikira mkati mwa zinthu zolimba. Zotsatira zinaonetsa kuti timphete tinalipodi, koma tambiri tinangolumikizana m'mizere, osafika potseka kukhala timapepala. Sizinali zonse zimene ndinkafuna, komabe zinali zokwanira kulembapo, ndipo ndinakhoza.

Masiku ano ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Nsanje. Chilimwe chilichonse ndimayesanso, tsopano ndi kachipangizo koyezera kutentha kamene ndinabwereka, chifukwa mizere ija sindinaione itatsekana.