Ngumbi za Mayi Rozalina pa nyali ya alamu anga

Lachitatu m'mawa alamu anga a Jowakimu anandiimbira foni. "Alamu, siyani zonse, bwerani mudzaone chitukuko." Bambo ameneyu anakwatira mchemwali wanga Marita, ndipo amapalasa njinga kukagulitsa nyemba ku Muloza. Akati chitukuko, ndimadziwiratu kuti wagulanso kanthu kutsidya kwa malire, ku Malawi.

Chitukukocho ndinachipeza chili m'beseni: ngumbi zokazinga, zonona, mchere wake wapakatikati. Mvula yoyamba inali itagwa dzulo lake. Ine pa ngumbi ndilibe manyazi, choncho ndinakhala pansi osadikira kuti andiuze kawiri.

Ndili mkati motafuna m'pamene ndinakumbukira kuti pabwalo la alamu palibe chulu. Nditafunsa kumene azitchera, anangoloza kumwamba ndi mlomo. Pamtengo wa bulugama wozika pakati pa bwalo panali chinyali cha sola, chija chimayaka chokha kukangoyamba mdima, bwalo lonse n'kuwala ngati pachipata cha malire.

"Zabwera zokha, alamu. Marita amangosesa."

Zabwera zokha kuchokera kuti? Chulu chili kuseri kwa mpanda, kwa Mayi Rozalina.

Inu amene munakulira m'tauni mwina simudziwa kuti chulu chili ndi mwini wake. Sungangofika n'kuyamba kutchera ngati wapeza bowa kutchire. Mayi Rozalina ndi amasiye, achikulire ndithu, ndipo chulu chawo amachisamala chaka chonse. Mitambo itayamba kusonkhana anamweta udzu, anakumba dzenje m'mbali mwa chulu, anaikamo ndowa, anamanga muuni. Ngumbi zawo amaziyanika. Zina ndi ndiwo, zina amasinthitsa ndi mbewu ya nyemba, zina amatumiza kwa mwana wawo ku Mocuba. Koma chaka chino ngumbi zitatuluka zinayang'ana muuni wa udzu, zinayang'ana nyali ya alamu, n'kusankha chitukuko.

Sitinamalize n'komwe kuseka pamene tinamva odi pachipata. Anali Mayi Rozalina, ndowa yopanda kanthu ili m'manja.

"Bondiya, vizinyu," anatero polonjera oyandikana nawo nyumbawo. "Ndati ndidzaone alendo anga ngati anafika bwino."

Marita anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya tiyi pamoto. Alamu anakhosomola. "Alendo ake ati, amayi?"

"Amene akutafuna alamu anuwo."

Alamu anga ndi munthu wa pamsika, mawu sawathera. "Amayi, ine ndinalowa kwanu? Ndinadumpha mpanda? Chinthu chouluka chilibe mwini. Pajatu akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo."

"Mwambiwo ndimaudziwa, mwananga," anatero mayiwo, akukhala pa ndowa yawo. "Koma mphepo ya chaka chino mwachita kukagula ku Muloza, n'kudzaimangirira pamtengo."

Kenako onse awiri anatembenukira kwa ine. Ati poti ndimalemba nkhani, ndiweruze. Abale, munthu angaweruze bwanji mlandu umboni uli m'kamwa mwake? Ndinameza, ndinapukuta mafuta pamlomo, n'kunena kuti nkhaniyi njovuta.

Ndipo njovutadi, musandiseke. Ife a kuno ku Milange tinazolowera zinthu zodumpha mipanda. Wailesi ya ku Malawi imaoloka mtsinje wa Ruo popanda chiphaso, n'kutiuza za mvula ya ku Mulanje ngati kuti ndi yathu. Foni ukangoyenda nayo chakumtsinje imakulonjera kuti takulandirani m'dziko lina, iwe uli m'munda mwako. Zonsezi timazikonda, ndipo inenso ndimazikonda. Sindikunyoza nyali ya alamu ayi: ana a m'dera lathu amachitirapo ntchito ya kusukulu madzulo, ndipo akuba nkhuku anasiya kudutsa njira imeneyo.

Chimene sitifunsa pogula n'chakuti chinthu chatsopanochi chikakoka chiyani kwa mnzathu. Baraka ina yogulitsa mowa inaika kanema wamkulu wa mpira wa ku Ulaya. Tsopano Loweruka timu ya m'dera lathu imasewera pamaso pa mbuzi ndi mayi mmodzi wogulitsa zitumbuwa. Tchalitchi china chinagula zokuzira mawu, ndipo a tchalitchi chaching'ono choyandikana nacho amavomera ameni pa pemphero la eni ake. Mwini kanema sanabe munthu. Mwini chokuzira mawu sanalowe m'tchalitchi cha mnzake. Aliyense adzakuuzani monga alamu anga kuti zabwera zokha.

Mayi Rozalina sanakweze mawu. Anangoyang'ana kuseri kwa mpanda n'kunena modekha: "Titabwerako kumsasa ku Malawi, nkhondo itatha, pano panali tchire lokhalokha. Nyumba palibe, nkhokwe palibe, njira inamera. Malemu amuna anga anazindikira malo athu chifukwa cha chulu chimenechi. Chaka choyamba, chimanga chisanache, ana anga anadya ngumbi zake."

Ndinamva chisoni, ndipo beseni ndinalikankhira patali pang'ono.

"Za m'besenizo sindikuzifuna, zadyedwa kale," anapitiriza mayiwo. "Chulu changa chimatulutsanso mvula yachiwiri, kenako basi mpaka chaka chamawa. Zimenezo zikandiphonya ndilibe mbewu ya nyemba. Mvula ikagwa mungozimitsa nyali yanuyo. Pulonto, basi."

Pempho laling'ono, eti? Alamu anayang'ana pansi, anayang'ana kumwamba, anakanda m'mutu. Marita ndi amene anayankha ali kukhitchini, akuuza amuna ake: "Auzeni kumene kuli rimoti, bambo a Zeka."

Nyaliyo ilibe pozimitsira. Inabwera ndi karimoti m'katoni, ndipo tsiku loyamba lomwe alamu ankaonetsa anzawo mmene amayatsira ndi kuzimitsa ataima patali. Anabwerera m'mbuyo, anabwereranso, mpaka anafika pachitsime. Rimoti ili pansi pa madzi mpaka lero, nyali ikuyaka mmene ikufunira.

Lachisanu masana mitambo inadetsa phiri la Tumbine, mphepo n'kuyamba kununkhira dothi. Ine ndinapeza chifukwa chodutsira kwa mchemwali wanga, poti nkhani ngati iyi sumaimvera kwa anthu. Ndinapeza alamu ali pamwamba pa makwerero obwereka, mimba itatsamira mtengo, thumba la nyemba lili m'manja, akuvindikira chitukuko. Marita anagwira makwerero uku akuseka mpaka misozi. Kuseri kwa mpanda kunali Mayi Rozalina, muuni uli m'khwapa, akulamula ntchito.

"Kumanzereko kukuonekabe, vizinyu. Kokani pang'ono. Eya, mangani tsopano."

"Amayi, ndikagwa pano mudzalera ana anga ndinu!"

"Ndidzawalera ndi ngumbi, musadandaule."

Madzulo amenewo bwalo la alamu linada koyamba chigulireni nyali, ndipo kuseri kwa mpanda kunkaoneka kamoto kamodzi ka udzu.

Loweruka m'mawa ndinapitanso, mwangozi chabe. Mayi Rozalina anatumiza mbale yodzaza ngumbi kwa a Jowakimu ndi ina kwa Marita. Nditasuzumira ngati pali yachitatu, anandiuza ali kuseri kwa mpanda kuti olemba nkhani anadya kale zawo Lachitatu.

Ndinabwerera kwathu chimanjamanja, ndikuyang'ana nyali zatsopano zimene zamera m'mabwalo a anthu. Yanu ikuwala bwino, sindikukana. Koma zimene mukusesa pansi pakezo zachokera pa chulu cha yani? Ndipo mwini wake akabwera ndi ndowa, rimoti mukudziwa kumene ili?