Tsiku Londisudzula

Mkazi wanga anadwala zaka ziwiri, akutaya magazi, mpaka Mulungu anamutenga. Zipani zinali zitangochuluka kumene, aliyense ali ndi ufulu wolankhula. Pa matenda ake ufuluwo unagwira ntchito kwambiri.

Namwino anali atandiuzira pambali kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero. Anati imayamba ndi kachirombo kopatsirana pogonana, kamene mwamuna amatha kukasunga osamva ngakhale mutu. Katemera amene atsikana akubayidwa masiku ano kunalibe.

Ndinali mkamwini kwawo, kunsi kwa phiri la Michesi, komanso mkulu wa mpingo. Tsiku londisudzula, abale anafuna adziwe kaye chimene chinadya mwana wawo. Ena anati mchere, ena anati maloto. Potsiriza anagwirizana pa mayi wina wamasiye woyandikana nafe, amene anakanganapo ndi malemu pa malire a munda. Anati ndiye anamulodza, asamuke mwezi usanathe. Mayiyo anangoti zyoli, akupotokola nsonga ya chitenje.

Ndinapempha kulankhula. Ndinafotokoza za kachirombo kaja. Ndinanenanso zimene ndinali ndisanauzepo munthu, kuti ndisanabatizidwe, ndikugula nandolo pa Migowi, sindinkagona malo amodzi.

"Mwina ndine ndinabweretsa," ndinatero.

Amalume a malemu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Inu akamwini? Ndi masaya amenewa? Wa kachirombo timamudziwa ife, tsitsi limapyapyala."

"Si kameneko ayi. Ndi kena."

"Tamvani kudzichepetsa kwakeko!" anafuula azakhali a malemu. "Akulu a mpingo enieni ndi awa. Akufuna kusenzera mfiti mtanda!"

Amayi ena anayamba kupukuta misozi. Ndinaulula tchimo pagulu, mbiri yanga n'kukwera.

Ndinadikira phokoso lithe. Kenako ndinati ngati mayiyu asamuka, Lamulungu ndikaulula bwinobwino m'tchalitchi, ndipo kuti anthu akhulupirire ndikatchula amene tinkayendera limodzi pa Migowi.

Amalume aja, amene masiku amenewo ankandigwirira sikelo, anatsokomola nthawi yaitali. Amuna ena awiri anayamba kuyang'ana kuphiri.

"Abale," anatero amalume, "imfa ndi ya Mulungu. Ife ndani kuti tiloze munthu chala?"

Anandisudzula mwamsangamsanga, pemphero lake lalifupi. Mayi uja anakhalabe pamudzipo mpaka anakalamba. Ngati ndinalidi ine amene ndinabweretsa kachiromboko, sindidziwa mpaka lero. Ndimakapemphera ngati kuti ndinali ine.